Buku Lopanda Cikuto

Kufupi ndi mzinda wa Chipata, m'mudzi wina wa Angoni a kwa Mpezeni, muli mkulu wina amene anthu amangowachula kuti a Kalaliki, pakuti anagwira nchito ya ukalaliki ku positi zaka zambiri asanapume. Masiku ano maso ao ayamba kucita khungu, ndipo mwendo umodzi umawabvuta ikafika nyengo yozizira. Mlendo akalowa m'nyumba mwao, cinthu cimene amayamba kumuonetsa si mipando kapena wailesi ai, koma bokosi lacitsulo lokhala kunsi kwa tebulo, lodzala ndi mabuku. M'bokosimo mulibe buku la malamulo kapena la zaulimi ngakhale limodzi. Onse ndi a nthano. Zina ndi nthano za sayansi, ndizo zosimba za makina amene sanapangidwebe, za maulendo a ku nyenyezi, ndi za masiku amene sanafike. Zina ndi nthano za zozizwa, ndizo zosimba za maiko osapezeka pa mapu, kumene kuli asing'anga amphamvu, zinjoka zouluka ndi akufa olankhula. Pansi peni-peni pa mabuku onsewo pali kabuku kong'ambika, kopanda cikuto, kokulungidwa m'nsalu. Ndipo mbiri ya bokosi lonse iyambira pa kabuku kameneko.

M'caka ca 1963 a Kalaliki anali mnyamata wa zaka 16 amene anatsiriza Sitandade 6 koma osapeza malo ku sekondale. Sanali wopusa ai, koma masiku amenewo malo anali ocepa kopambana. Pamene dziko linalandira ufulu mu 1964, Aafirika a m'dziko muno amene anali atatsiriza maphunziro a yunivesite anali ngati 100 okha. Tsono mnyamatayo anapita ku Fort Jameson, monga mzindawo unali kuchedwa nthawi imeneyo, nalowa nchito m'sitolo ya Mmwenye wina. Nchito yace inali kupima nsalu, kuyesa mcere ndi shuga pa sikelo, ndi kukulunga zogulazo m'mapepala. Mapepalawo anali nyuzi zakale ndi mabuku otayidwa amene mwini sitolo anali kugula kwa anthu ndi makobiri ocepa. Tsiku lina, alikung'amba tsamba kuti akulungemo mcere wa tiki, maso ace anagwa pa mau osimba za makina a miyendo itatu, otalika kuposa nyumba, amene anali kuyenda pakati pa mitengo ndi kuigwetsa ngati udzu. Anaima cilili ndi mcere m'manja kufikira wogulayo anamdzudzula. Madzulo anapempha mwini sitolo kuti ampatse cotsala ca bukulo, ndipo iye anabvomera, nati bola abweretse mapepala ena olemera cimodzi-modzi.

Masamba oyamba anali atapita kale ndi mcere, ndipo otsiriza naonso anali atapita ndi shuga. Cotsalaco cinali pakati pokha, m'Cingelezi cosabvuta, pakuti linali buku lofupikitsidwira ophunzira. Linali kusimba kuti zolengedwa za ku dziko la Mars zinagwa m'dziko la England ziri m'zitsulo zazikulu zonga migolo. Anthu anathamangira kukaona, ndipo ena ananyamula mbendera yoyera kuti akalankhule nazo za mtendere, koma zinawaocha ndi moto wosaoneka. Asilikali anadza ndi mizinga yao, koma mizingayo sinathe kuziletsa. Utsi wakuda wakupha unadzaza zigwa, ndipo anthu a mu London, olemera ndi osauka omwe, anathawa m'miseu akuponderezana. Pa tsamba lotsiriza munthu wosimba nkhaniyo anali wobisala m'nyumba yogumuka, ndipo cinthu conga dzanja lacitsulo cinali kufufuza-fufuza mumdima pafupi ndi iye. Pomwepo kabukuko kanathera, mau ali pakati.

Pa Khrisimasi mnyamatayo anapita kumudzi, ndipo madzulo ena anasimbira ana nkhaniyo pa khonde la agogo ace. Atate ace atamva anagwedeza mutu nati, "Kodi ndizo unaphunzira kusukulu zimenezo? Mabodza a Azungu sanadzazepo nkhokwe ya munthu."

Koma agogo, amai ao a atatewo, amene anali kusenda maungu cete, anakweza mutu nati, "Usamtonze mwanayu. Zimene anenazi si bodza ai. Ine ndinaziona."

Ndipo anasimba za masiku amene iwo anali kamtsikana kobereka mng'ono wace kumbuyo. M'mwezi wa Januwale 1898 asilikali a Angelezi ocokera ku Nyasaland anadza ndi mizinga ndi mfuti za Maxim kudzamenyana ndi Angoni a Mpezeni. Amuna amene mitundu yonse yozungulira inali kuwaopa anapita ndi zishango ndi mikondo, nagwa asanafike pafupi ndi adani ao. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni, amene anatsogolera nkhondoyo, anagwidwa naomberedwa. Agogo sanali kudziwa caka kapena dzina la mfuti. Cimene anali kukumbukira ndico phokoso losalekeza, utsi, ndi amai ao alikuwatseka pakamwa m'mapiri kuti asalire. Atatsiriza anafunsa, "Nanga anthu a m'buku lakolo anapulumuka bwanji?"

"Sindidziwa, Agogo. Masamba anatha."

"Ukafune, mdzukulu wanga, udzandiuze."

Kufuna buku losadziwika dzina kuli ngati kufuna munthu mu Lusaka osadziwa dzina lace kapena ciwongo cace. Mnyamatayo anafunsa aphunzitsi ace akale, anafunsa akalaliki a ku boma, anafunsa ngakhale Mzungu wa ku mishoni amene anali kudzagula parafini m'sitolomo. Ena anamseka, ena anati kapena ndi nkhani ya nkhondo ya Hitler. Agogo anamwalira mu 1965 asanamve yankho lao. Patapita zaka ziwiri, atalembedwa nchito ku positi, analimba mtima nalowa m'laibulale, kumene kale anali kuopa kulowa cifukwa analibe nsapato zabwino. Anasimbira mai wosunga mabuku za makina a miyendo itatu aja, ndipo asanatsirize mau ace maiyo ananyamuka, nabwera ndi buku m'manja. Dzina lace linali The War of the Worlds, lolembedwa ndi H. G. Wells.

Usiku umenewo koloboyi sanazime. Anapeza kuti adani aja sanagonjetsedwe ndi mzinga kapena ndi nzeru ya munthu ai. Anafa ndi tizirombo tosaoneka ndi maso timene timadwalitsa anthu, pakuti kwao kunalibe tizirombo totere, ndipo matupi ao sanatizolowere. (A Kalaliki sakadakondwa kumva kuti mathero aululidwa pano, pakuti amadana naye munthu woulula mathero a buku, koma cinsinsi ca zaka zoposa 120 sicilinso cinsinsi.) Anapezanso zinthu ziwiri zimene kabuku kace kanalibe. Kuseri kwa tsamba loyamba kunali caka cimene bukulo linaturuka, 1898, caka comwe cija ca nkhondo ya Mpezeni. Ndipo m'mutu woyamba wolembayo acenjeza anthu a mtundu wace kuti asafulumire kuweruza adaniwo, nawakumbutsa zimene Azungu anacitira anthu a pa cisumbu ca Tasmania, amene anatsala pang'ono kutha psiti. Bukulo silichula Angoni pena paliponse. Komabe nkhalamba yosadziwa kuwerenga inalimva bwino kuposa ophunzira onse amene mnyamatayo anawafunsa.

Pambuyo pace anawerenga mbiri ya wolembayo, ndipo m'menemo ndimo anamkonda monga mbale. Wells anabadwa mu 1866 m'banja losauka. Amai ace anali wanchito m'nyumba ya anthu olemera, ndipo atate ace anali ndi kasitolo kosapindula. Ali mwana anathyoka mwendo, ndipo ali cigonere anayamba kuwerenga mabuku amene atate ace anali kumtengera. Atasinkhuka anamcotsa pa sukulu namuika m'sitolo ya nsalu, m'mene anali kupima ndi kupinda nsalu kuyambira m'mawa kufikira usiku, nchito imene anaida ndi mtima wace wonse. Anapulumukamo mwa kuwerenga, napata mwai wa kukaphunzira sayansi ku London. Wopima nsalu wa ku Fort Jameson anali kuyesa kuti olemba mabuku amabadwa m'nyumba za mafumu.

Ciyambire tsiku limenelo analeka kufuna mabuku nayamba kufuna olemba, pakuti anaona kuti dzina la wolemba liri ngati nsadzu, mbalame ija imene imatsogolera munthu ku njuci. Anawerenga The Time Machine ndi The Invisible Man, ndipo m'mau oyamba a mabukuwo anaona kuti dzina la Wells silinali kuyenda lokha. Nthawi zonse pambali pace panali dzina la Jules Verne, wa ku France. Analondola dzinalo, ndipo kwa zaka zingapo Verne ndiye anali mfumu ya mtima wace. Verne amakonda kuyesa ndi kuwerengera cinthu ciri conse, kulemera kwace, kutalika kwace ndi mtengo wace, ndipo kalaliki ali yense amamva naye ubale. M'buku lace la 1865 anasimba za amuna atatu oponyedwa ku mwezi ndi mzinga waukulu womangidwa ku Florida. Ndipo m'mwezi wa Julayi 1969 a Kalaliki anachera khutu pa wailesi namva za amuna atatu amene ananyamukadi ku Florida komweko kupita ku mwezi. Tsiku limenelo palibe mnzao wa ku positi amene sanamve dzina la Verne.

Koma nsadzu nthawi zina imatsogolera munthu ku njoka. Tsiku lina anabwereka Five Weeks in a Balloon, buku la 1863 losimba za Azungu atatu amene anaoloka Africa m'mlengalenga kucokera ku Zanzibar. Anayembekeza kuona dziko lao ndi maso a wolemba amene anali kumkonda, koma anapeza kuti anthu akuda a m'bukulo ndi khamu longokuwa ndi kuponya mibvi, losiyana pang'ono pokha ndi nyama za m'thengo. Analibweza osalitsiriza. Sanamtaye Verne ai, pakuti Verne yemweyo ndiye analenga Nemo, mwini ngalawa yoyenda pansi pa nyanja, amene m'buku lina aululidwa kuti ndi mwana wa mfumu ya ku India wodana ndi ulamuliro wa Angelezi. Koma kuyambira pamenepo, akamayamikira Verne kwa munthu, amanena zonse ziwiri, uci ndi mbola yomwe.

Pa nkhani ya mwezi pali cinthu cimodzi cimene a Kalaliki sakonda kucikumbukira. Mu 1964, akali m'sitolo muja, nyuzi zokulungira mcere zinadza ndi mbiri ya Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi amene anamenya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse namenyeranso ufulu wa dziko lino. Nkoloso analengeza kuti Zambia idzafika ku mwezi America ndi Russia asanafike. Anasonkhanitsa anyamata pafupi ndi Lusaka, nawaphunzitsa mwa kuwalowetsa m'migolo ndi kuwagubuduza pa citunda. Anapempha UNESCO mapaundi 7,000,000, natinso mtsikana wina adzapita ku Mars pamodzi ndi amphaka. Nyuzi za maiko ambiri zinaseka, ndipo mnyamata wa m'sitolo anaseka kopambana onse, iye amene anali kugona ndi kabuku ka ku Mars pansi pa mtsamiro.

Zaka zinapita, bokosi nalo linayamba kulemera. Arthur C. Clarke anamkonda cifukwa ca nchito yao ya matelegalamu ndi lamya. Mu 1945 Clarke analemba kuti makina oikidwa m'mlengalenga makilomita ngati 36,000 pamwamba pa ikweta angazungulire pamodzi ndi dziko, naoneka ngati aima pamodzi-modzi, ndi kuti makina atatu otere angapereke mau ku dziko lonse. M'zaka za m'ma 1970, pamene mbale yaikulu yolandirira mau a m'mlengalenga inamangidwa ku Mwembeshi, a Kalaliki anayenda ngati kuti anaimanga ndi iwo. Isaac Asimov amamlemekeza koma samkonda. Amati anthu a m'mabuku ace amangokhala m'maofesi ndi kukambirana, ngati msonkhano wa ku boma umene sutha.

Ku nthano za zozizwa anafikako mocedwa, ndipo anawafikitsa ndi Amos Tutuola wa ku Nigeria. Munthu uyu anaphunzira sukulu zaka ngati 6 zokha, naphunzira kusula zitsulo, nakhala mesenjala m'ofesi ya boma ku Lagos. Buku lace, The Palm-Wine Drinkard, linasindikizidwa ku London mu 1952. Lisimba za munthu wosadziwa nchito yina koma kumwa ucema, amene womgomera ucemawo atagwa mumtengo ndi kufa, ananyamuka kukamfuna ku mudzi wa akufa. M'njira muli mwamuna wokongola kopambana amene mtsikana wina anamtsata kucokera kumsika, osadziwa kuti ziwalo zace zonse ndi zobwereka. Ndipo pobwerera m'nkhalango anabweza mwendo kwa mwini wace, dzanja kwa mwini wace, kufikira panatsala cigaza cokha. Anthu ena ophunzira a ku Nigeria anacita nalo manyazi bukulo cifukwa Cingelezi cace sicitsata malamulo a kusukulu. A Kalaliki anamva m'menemo mau a agogo ao, ndipo anazindikira kuti nthano zotere anazidziwa kale asanadziwe A ndi B, pamene ana anali kubvomera kuti "Tiri tonse" pamoto.

Kucokera kwa Tutuola anafika kwa Ursula K. Le Guin, mai wa ku America, amene kufikira lero amati ndiye woposa onse a m'bokosi. A Wizard of Earthsea, la 1968, ndi buku laling'ono losimba za mbusa wa mbuzi, wa khungu lofiirira, amene anapita ku sukulu ya asing'anga, ndipo pofuna kudzionetsa pamaso pa mnzace anamasula cithunzi-thunzi coopsa cimene cinayamba kumlondola kuli konse. M'dziko limenelo munthu ali yense ali nalo dzina lace leni-leni lobisika, limene amauza okhawo amene awakhulupirira. Ndipo cimeneci sicinawadabwitse a Kalaliki, amene anakulira kumene mwana sachula dzina la wamkulu. J. R. R. Tolkien, amene anabadwira ku Bloemfontein mu 1892, anamaliza naye caka cathunthu, nasangalala monga munthu woyenda ulendo wautali ndi anzace abwino.

Munthu wopeza uci sakhala cete, ndipo a Kalaliki anakhala mlaliki wa mabuku ao. Poyamba anali kupatsa ali yense buku limene iwo eni analikonda mwezi umenewo, ndipo ambiri anabwera nalo losawerenga, ena analitaya, wina anacita kupicira fodya. Monga kalaliki anayamba kaundula: dzina la wobwereka, tsiku, ndi mau amene ananena pobweza. M'kaundulamo anaphunzira kuti munthu wonena kuti "Linali labwino, zikomo" sanaliwerenge. Amene waliwerenga amadza ndi mkangano. Anaphunziranso kuyamba amvetsera munthu asanatsegule bokosi. Mnyamata wokonza njinga ndi mawailesi amampatsa Verne kapena Clarke. Amene acita manyazi ndi Cingelezi cace amampatsa Tutuola, namuuza za zaka 6 zija. Ndipo sanyoza mabuku ofupikitsidwa, pakuti iwonso analowera khomo lomwelo. Amene wangolephera mayeso, ndipo mtima wace uli woŵawa, amampatsa mbusa wa mbuzi uja osanena kanthu. Koma m'nyumba mwao mweni-mweni ulaliki wao sunabale zipatso. Mwana wao wamkulu anatengera agogo ace aamuna. Anatsegula sitolo ku Chipata, ndipo buku limene amaliwerenga ndi la ngongole lokha.

Cifukwa cace ciyembekezo cao conse cinagwera pa mdzukulu wao, mwana wamkazi wa mwini sitoloyo, mtsikana wakuthwa pa masamu. Atatsiriza Giredi 12 mu 2021 anadza kudzakhala kumudzi akuyembekeza zoturuka za mayeso, ndipo a Kalaliki, pofulumira ndi cimwemwe, anaiwala zonse za m'kaundula namsenzetsa The Lord of the Rings, masamba oposa 1,000. Patapita masabata awiri analibweza.

"Agogo, anthu anu aja ayenda masamba 200 ndipo sanafikebe. Nanga akazi anawasiya kuti?"

"Iwe mkazi wanga," anatero pomsereula monga agogo amacitira, "njira yaitali ndiyo imaonetsa mwamuna."

"Ndiye ayende okha amunawo. Koma inu mwawerenga a ku England ndi a ku France zaka zonsezi. Kodi wa ku Lusaka munamuwerengapo?"

Anaturutsa m'cikwama buku lalikulu, The Old Drift, lolembedwa ndi Namwali Serpell, amene anabadwira ku Lusaka mu 1980. Linaturuka mu 2019, ndipo caka cotsatira linapata mphotho yochedwa ndi dzina la Arthur C. Clarke yemwe uja. A Kalaliki analitembenuza-tembenuza, nati zilembo zace n'zazing'ono, naliika pamwamba pa kabati. Coona cace ncakuti anapwetekedwa mtima. Zaka zoposa 50 iwo ndiwo anali wopatsa, ndipo kulandira buku m'manja mwa mwana wa dzulo-dzuloli kunawabvuta monga kumabvutira sing'anga kumwa mankhwala a mnzace. Bukulo linakhala pa kabati miyezi inai.

M'miyezi imeneyo zoturuka za mayeso zinafika, ndipo pambuyo pace inadza kalata yonena kuti mtsikanayo wapeza malo ku Kitwe okaphunzira uinjiniya. Atate ace anakana. Anati ndalama palibe, Kitwe ndi kutali, ana aakazi amaonongeka kumigodi, ndipo sitolo ifuna munthu wodziwa masamu. A Kalaliki anamva zonsezi koma sanalowererepo, pakuti anati mwana ali ndi atate ace.

Madzulo ena mtsikanayo anakhala pa mphasa pafupi ndi mpando wao, foni iri m'manja, nati, "Popeza maso anu akana, lekani ndikuwerengereni kanthu kakafupi." Kanali Binti, kabuku ka 2015 kolembedwa ndi Nnedi Okorafor, mai wobadwira ku America kwa makolo a ku Nigeria. Kasimba za mtsikana wa mtundu wa Ahimba, anthu a ku Namibia amene akazi ao amadzola thupi ndi tsitsi dothi lofiira losakaniza ndi mafuta. Mtsikanayo ndi katswiri wa masamu, woyamba wa mtundu wace kuitanidwa ku yunivesite yaikulu ya ku dziko lina la m'mlengalenga. Abale ace safuna kuti apite, pakuti anthu a kwao sacoka pa nthaka yao, ndipo atate ace amdalira pa nchito ya banja. Tsono anyamuka usiku onse ali m'tulo, atanyamula mtsuko wa dothi la kwao, akudziwa kuti mwina sadzamlandiranso.

Atafika pamenepo mau a wowerengayo ananjenjemera pang'ono, koma anapitiriza. Anawerenga madzulo atatu. A Kalaliki sananene kuti kanali kabwino. Anakangana naye za zilombo zimene zinaukira combo ca mtsikanayo, nati Wells akadazifotokoza bwino koposa. Koma m'mawa mwace anaitanitsa jekete ndi ndodo yao, nakwera minibasi ya ku Chipata.

Anapeza mwana wao alikuyesa shuga pa sikelo. Anadikira kufikira ogula atatha, nati, "Mwana wanga, ine ndinabwerera pa khomo la sekondale cifukwa malo panalibe. Uyu malo apezeka. Kodi ufuna adzanyamuke usiku tiri m'tulo?"

"Atate, kodi wanena zimenezo?"

"Sananene. Wandiwerengera buku."

Mwanayo anaseka mopanda kukondwa, nati mabuku ao aja tsopano alowa ndi m'sitolo momwe. Sanabvomere tsiku limenelo, ngakhale sabata limenelo. Anabvomera pamene a Kalaliki anagulitsa ng'ombe ziwiri mwa zisanu zimene anali nazo, ndipo kufikira lero amati nkhalamba inapusitsidwa ndi nthano.

Masabata otsala asananyamuke, mtsikanayo anatsitsa The Old Drift pa kabati. Ndi buku lolemera, la masamba oposa 500, lotsata mabanja atatu kuyambira masiku a Azungu oyamba kukhala pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, kupyola pa kumangidwa kwa damu la Kariba, kufikira masiku a m'tsogolo a timakina touluka ngati udzudzu. Ndipo udzudzu umalowerera apa ndi apo kunena maganizo ace pa zocita za anthu. Muli malo ena amene mdzukulu sangawerengere agogo ace mokweza, ndipo pamenepo anali kutsokomola ndi kulumpha tsamba, a Kalaliki nacita ngati sanazindikire. Usiku wina anafika pa mutu wa mtsikana wa ku Mars uja, ndipo m'menemo munaturukira Nkoloso ndi migolo yace, wosalembedwa monga citsiru ca m'nyuzi, koma monga munthu wa nzeru zobvuta kuziyesa, womenyera ufulu amene mwina ndiye anali kuseka omseka. A Kalaliki anakweza dzanja kuti aleke kuwerenga.

"Munthu uyu ine ndinamseka," anatero. "Wa ku France ataponya anthu ku mwezi ndi mzinga, cinthu cimene cikadawaphwanya asanacoke pansi, ndinamuombera m'manja. Wa kwathu atachula mwezi womwewo, ndinagwira nthiti."

Mtsikanayo anafunsa ngati apitirize, ndipo anati apitirize.

Tsiku lonyamuka linafika asanafike ndi pakati pa bukulo pomwe. Anaikapo kaudzu pa tsamba limene analekezera, ndipo a Kalaliki, kwa nthawi yoyamba, analemba dzina lao m'kaundula monga wobwereka. Mphunzitsi wina wa pa sukulu ya pafupi, amene analiwerenga kale, wadzipereka kawiri kuti adziwawerengera madzulo, kapena angowauza za cimene cinacitikira damu la Kariba pa mathero; koma iwo anamuopseza ndi ndodo. Pa chuthi ciri conse mdzukulu amasunthako kaudzu kaja masamba makumi angapo, ndipo akabwerera ku Kitwe bukulo limalowa m'bokosi, pamwamba pa kabuku kokulungidwa m'nsalu.